Funsani Tikuyankheni: Masiku anayi a tchuthi m'mizinda yakale ya ku Scotland

FUNSO: Zikomo akulu a danga lino. Ndine mtsikana wa zaka 27, kwathu ndi ku Zomba, ndipo panopa ndili ku Glasgow komwe ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri a chaka chimodzi. Chifikireni mu Seputembala sindinatulukeko mumzindawu, moti njira zomwe ndikuzidziwa ndi ya ku kalasi, ya ku laibulale ndi ya ku shopu basi. Pa tchuthi cha Pasaka ndapatula masiku anayi ndi tindalama tomwe ndakhala ndikusunga, ndipo ndikufuna kukaona Edinburgh, Stirling, St Andrews, Perth, Inverness, komanso Durham ndi York ku England. Mnzanga yemwe tipitire limodzi akuti zonsezi n'zotheka bola tizilawira m'mamawa. Kodi ndiyambire kuti, nanga ndingatani kuti ndalama zindikwanire?
Wophunzira wa ku Zomba, ku Glasgow

YANKHO: Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mwaganiza bwino kutuluka, chifukwa chaka chimodzi sichichedwa kutha. Koma mizinda isanu ndi iwiri m'masiku anayi ndi ulendo wokaona masiteshoni a sitima. Mnzanuyo sakunama kuti mukhoza kupondako konseko, kungoti mudzabwerako ndi zithunzi zambiri m'foni zomwe pakatha mwezi simudzatha kusiyanitsa kuti tchalitchi ichi chinali cha mzinda uti. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Inverness yokha imadya maola oposa atatu pa sitima kuchokera ku Glasgow, kubwerera enanso atatu, ndiye ichotseni. Durham ndi York muzisungire ulendo wina, ndipo Perth ikhoza kudikira. Mutsale ndi Stirling, Edinburgh ndi St Andrews, kenaka muwonjezerepo malo amodzi omwe simunawalembe pamndandanda wanu ngakhale ali pakhomo panu penipeni. Ndiwatchula kutsogoloku.

Yambirani ku Stirling, pamtunda wa mphindi zosakwana 40 pa sitima yochokera pa Glasgow Queen Street. Ndikunena kuti muyambire kumeneko chifukwa ndi komwe mbiri ya dzikolo imaoneka ndi maso popanda wina kukuwerengerani buku. Mukakwera chitunda kuchokera pa siteshoni n'kukaima pa khoma la linga, lomwe ndi nyumba yakale yachifumu yotchingidwa ndi makoma, yang'anani pansi. Mudzaona mtsinje wa Forth ukukhotakhota m'chigwa chomwe kale mbali yake yaikulu idali madambo a matope, kumpoto kuli mapiri, kumwera kuli dziko lachidikha. Gulu lililonse la nkhondo lofuna kupita kumpoto limayenera kuwolokera pa mlatho wa pamenepa, choncho yemwe wagwira thanthwe la Stirling amakhala wagwira khomo la dziko lonse. N'chifukwa chake nkhondo ziwiri zomwe Askotishi amazitchula kwambiri zidamenyedwa malo omwe mudzakhala mukuwaona mutaima pakhomapo. Mu 1297 atsogoleri a Askotishi, William Wallace ndi Andrew Moray, adadikira kuti gawo la asilikali a Angerezi liwoloke pa kamlatho kopapatiza ka mitengo, kenaka adawatsekera njira n'kuwagonjetsa anzawo akuonerera kutsidya. Mu 1314 Robert the Bruce, mfumu ya Askotishi, adagonjetsa Mfumu Edward II ya ku England ku Bannockburn, chakumwera kwa mzindawu. Mlatho wa miyala womwe alendo amajambulitsapo lero si wa nkhondo ija ayi, udamangidwa patapita zaka pafupifupi 200.

M'kati mwa lingalo muli holo yaikulu yomwe adamangitsa James IV cha m'ma 1503, yopakidwa laimu wachikasu woonekera patali, ndipo m'linga lomweli Mary, mfumukazi ya Askotishi, adavekedwa chisoti chaufumu mu 1543 ali khanda la miyezi isanu ndi inayi. Potsika musalambalale tchalitchi cha Holy Rude, momwe mwana wake James VI adalongedwa ufumu mu 1567, nayenso ali wa chaka chimodzi, John Knox, mtsogoleri wa Aprotestanti a ku Scotland, akulalikira. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu masana, nsanja yokumbukira Wallace, yomwe idatha kumangidwa mu 1869, ili ndi masitepe 246 ozungulira. Kunena zoona, ine ndimaona kuti zomwe mwaona muli pa khoma la linga n'zokwanira, ndipo ndalama ya pakhomo la nsanjayo mukhoza kuisunga. Madzulo bwererani mukagone m'chipinda chanu ku Glasgow, chomwe lendi yake mudalipira kale.

Edinburgh ipatseni tsiku lathunthu, ndipo ngati pali usiku umodzi woti mulipire pogona, ukhale umenewu, m'hositelo ya zipinda zogonamo anthu angapo. Mzinda wakale udamangidwa pamsana wa chitunda chotsetsereka kuchokera ku linga, lomwe lili pa thanthwe la phiri lomwe lidaphulika kalekale, kukafika ku nyumba yachifumu ya Holyrood. Msewu wa pamsanapo ndi womwe amautcha Royal Mile. Poti malo adali ochepa ndipo mzinda udazingidwa ndi khoma, anthu adamanga nyumba zosanjikizana kupita m'mwamba, olemera ndi osauka kumakwera masitepe amodzi, ndipo pakati pa nyumbazo padatsala tinjira topapatiza totsikira uku ndi uku ngati nthiti za nsomba. Alendo ambiri amangotsata msewu waukulu momwe muli mashopu a nsalu za mizeremizere za Askotishi ndi oimba zitoliro. Inu lowani m'tinjirato, tiwiri kapena titatu, muone kuzizira ndi mdima wa m'menemo, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake olemera adasamukira kutsidya, ku mzinda watsopano womwe mapulani ake, ojambulidwa ndi James Craig, adavomerezedwa mu 1767. Mizinda iwiriyi pamodzi idalowa m'kaundula wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1995.

Tikiti ya ku linga la Edinburgh ndi yodula ndipo iguliretuni pa intaneti, chifukwa pa Pasaka pamadzaza. M'katimo, chomwe chidandikhudza ine si zisoti zaufumu koma kachalitchi ka St Margaret, ka zaka za m'ma 1100, komwe ndi nyumba yakale kuposa zonse mumzindawu ndipo n'kochepa kuposa kalasi ya ku pulaimale. Mzinga womwe amauomba 1 koloko masana chiyambire 1861 sulira Lamulungu ndi Lachisanu Loyera, choncho onani bwino kalendala yanu musanakaime podikira. Ngati ndalama zalola linga limodzi lokha, sankhani la Stirling, ndipo ku Edinburgh mukalowe mu National Museum of Scotland momwe salipiritsa. Ngati mumapemphera ku CCAP, lowaninso mu St Giles' momwe John Knox adali mbusa kuyambira 1559. Dongosolo loti mpingo uziyendetsedwa ndi abusa pamodzi ndi akulu a mpingo, lomwe mudakulira nalo kwanu, mizu yake ili m'mikangano yomwe idachitika m'makoma amenewo ndi m'misewu yozungulira. Kamuzu Banda, yemwe adamaliza maphunziro ake a udokotala mumzinda womwewu mu 1941, adali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo sadaleke kuzitchula moyo wake wonse. Chipilala cha David Livingstone mudzachipeza m'munda wa Princes Street, pafupi ndi siteshoni ya Waverley.

Ku St Andrews kulibe siteshoni ya sitima, ndipo ambiri amadziwira zimenezi mochedwa. Mumakwera sitima pa Waverley, kutsikira pa Leuchars patatha pafupifupi ola limodzi, kenaka kukwera basi ya mphindi zochepa. Khalani kuwindo, chifukwa sitimayo imawoloka pa Forth Bridge, mlatho wofiira wa zitsulo womwe udatsegulidwa mu 1890. Ine ndidapitako koyamba mu Disembala, ndipo poti ndidanyamuka nditadya nkhomaliro ngati kuti ndikupita ku Limbe, ndidafika dzuwa likupendeka. Isanakwane 4 koloko kudali kutada, ndipo mabwinja a tchalitchi chachikulu ndidangowasuzumira pa zitsulo za geti yotseka, mphepo ya kunyanja ikundilowa m'makutu. Inu muli ndi mwayi, chifukwa mu Epulo kumada cha m'ma 8 koloko, komabe malo olipira amatseka madzulo kusanade, ndiye lawirani.

Mzindawu ndi waung'ono, misewu yake yaikulu ndi itatu ndipo yonse imaloza ku tchalitchi chija, chomwe chidayamba kumangidwa cha m'ma 1160, chidapatulidwa mu 1318 Robert the Bruce ali pomwepo, ndipo chidali chachikulu kuposa china chilichonse mu Scotland. Mu 1559, Knox atalalikira mumzindawu, anthu adachilowerera n'kuchotsamo mafano ndi maguwa, chidasiyidwa, denga lidagwa, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankagumulako miyala yomangira nyumba zawo. Chotsala lero ndi makoma a kumapeto oima okhaokha pakati pa manda. Poyenda mu North Street, pakhomo la tchalitchi cha St Salvator's, yang'anani pansi. Pa miyala yoyala munjira pali zilembo ziwiri, PH, zosonyeza pomwe Patrick Hamilton, mnyamata wa zaka pafupifupi 24, adawotchedwa wamoyo mu 1528 chifukwa chophunzitsa chiphunzitso cha Chiprotestanti cha Martin Luther. Imani pambali mphindi zisanu muonerere. Mudzaona ophunzira a pa yunivesiteyo, yomwe ndi yakale kuposa zonse mu Scotland poti idakhazikitsidwa mu 1413, akubwera ali pa foni kapena akucheza, koma pofika pamenepo mwendo umakhota wokha kulambalala zilembozo. Amakhulupirira kuti wopondapo amalephera mayeso, ndipo mankhwala ake ndi kukadumphira m'nyanja yozizira m'bandakucha wa pa 1 Meyi. Ndidaseka ndekha pokumbukira m'mene amatinenera ife kuti ndife okhulupirira zamatsenga.

Pafupi pomwepo pali bwinja la linga la mabishopu, momwe Kadinala David Beaton adaphedwa mu 1546 pobwezera kuwotchedwa kwa mlaliki George Wishart. Omwe adazinga lingalo adakumba ngalande pansi pa thanthwe kuti agwetse khoma, ndipo a m'kati, pomvetsera kugogoda kwa zokumbira, adakumba yawo kukakumana nawo. Ngalandeyo ikakhala yotsegula alendo amalowamo chowerama, koma funsani kaye pakhomo musanalipire. Ngati tsiku lanu la ku St Andrews ligwera Lamulungu, bwalo lotchuka la gofu la Old Course nthawi zambiri saseweramo tsikulo ndipo aliyense amayendamo ulere, kungoti sitima ndi mabasi zimachepa, choncho lembani papepala nthawi ya basi yomaliza yokafika ku Leuchars.

Malo omwe simunawalembe aja ndi Blantyre. Ali pa mphindi pafupifupi 20 pa sitima yonyamukira pansi pa Glasgow Central, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo theka la tsiku ndi lokwanira. Musayembekezere mzinda ngati wathu uja, ndi katauni wamba kopanda linga kapena nyumba yachifumu. Chomwe chilipo ndi Shuttle Row, nyumba yoyera yosanjikizana momwe munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito m'fakitale ya thonje, ndipo m'chipinda chimodzi mwa zipindazo mudabadwira David Livingstone pa 19 Malichi 1813. Chipindacho ndi chimodzi basi: mabedi olowa m'khoma, pamoto pophikira, ndipo banja lonse linkagona, kudya ndi kupemphera momwemo. Ine ndidaimamo ndikuyeza ndi maso, ndipo ndidaona kuti nyumba zambiri za ku Ndirande n'zotakasuka kuposa pamenepo. Mwanayo adayamba ntchito m'fakitale ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi woduka pa makina kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenaka n'kupita ku sukulu ya usiku. Thonje lomwe ankaligwiralo lambiri linkalimidwa ndi akapolo kutsidya la nyanja ya Atlantic, ndipo nyumba yosungiramo mbiriyi, chiitsegulireninso mu 2021 itakonzedwa, imanena zimenezi mosabisa. Imaperekanso malo kwa Aafirika omwe adayenda naye, monga Susi ndi Chuma, omwe atamwalira Livingstone mu 1873 adatsogolera anzawo kunyamula thupi lake miyezi yambiri mpaka kugombe. Amishoni a Church of Scotland atakhazikitsa mishoni yawo mu 1876 adaitcha dzina la katauni kameneka. Pitani mukaone ndi maso anu, mukawerenge zolembedwazo ngati munthu wochokera ku dziko lomwe likukambidwalo, ndipo pomwe simukugwirizana nazo mukawauze ogwira ntchito pamenepo. Satsegula masiku onse, ndiye onani kaye pa intaneti. Masana a tsiku lomwelo mukhoza kumalizira ku Glasgow Cathedral, tchalitchi cha zaka za m'ma 1200 chomwe chidapulumuka osagumulidwa, ndipo mwina mwakhala mukuchidutsa pa basi osalowamo.

Za ndalama, chachikulu ndi 16-25 Railcard, yomwe imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti ya sitima. Dzinalo lisakubwezeni, chifukwa wophunzira wa nthawi zonse amaloledwa kuigula ngakhale atapitirira zaka 25, bola yunivesite itsimikize pa fomu kuti ndi wophunzira wake. Yambani kuyendetsa fomuyo tsopano maofesi asanatseke. Dziwaninso kuti m'masiku a ntchito isanakwane 10 koloko m'mawa kuchotserako kumakhala ndi malire. Mabasi aulere a achinyamata ndi a osakwana zaka 22, choncho inu sakukukhudzani. Malinga a Stirling, Edinburgh ndi St Andrews onse ali m'manja mwa Historic Environment Scotland, omwe amagulitsa tikiti imodzi yolowera malo angapo, ndiye werengerani ngati ikutsika mtengo kuposa kulipira pakhomo lililonse. Kulikonse onetsani khadi lanu la sukulu ndipo funsani ngati pali mtengo wa ophunzira, paja safunsa adadya phula. Kamba konzerani kunyumba: buledi, mazira owiritsa, mtedza ndi tiyi m'fulasiki, poti chakudya cha pafupi ndi malinga chimadula ndipo madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Valani nsapato zafulati zomwe mudaziyendera kale, chifukwa miyala ya m'misewu yakale imaterera ikanyowa, ndipo tengani jekete yosalowa madzi m'malo mwa ambulera, yomwe mphepo ya ku St Andrews imaitembenuza. Mvula ya kumeneko ili ngati chiperoni cha ku Thyolo, yowaza koma yosaleka.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali pa sukulu ku Aberdeen ndipo wandilembera kuti ndimuwonjezere ndalama zoti akayendere malo akale ndi anzake. Ine ndidamutumiza kukaphunzira, osati kukaona malo, ndipo kuno zinthu zakwera mtengo. Kodi ndikamukaniza ndilakwa?
Bambo wa ku Dedza

YANKHO: Bambo, simulakwa, ndipo musakatenge katapila chifukwa cha ulendo wokaona malo. Kwacha ikasinthidwa kukhala mapaundi imasungunuka, ndipo mwana wanu ayenera kudziwa thukuta lomwe lili pa ndalama iliyonse yomwe mumatumiza. Komabe ndikupempheni kuti musautenge ulendowo ngati uchitsiru. Mwana wongokhala m'chipinda miyezi ya mdima, kutali ndi abale, amafooka m'maganizo ndipo maphunziro omwewo amavuta. Mufunseni zinthu ziwiri: ulendowo ndi wa liti, ndipo ndalama zake ndi zingati polemba chimodzichimodzi. Ngati ukugwera m'kati mwa temu, mukanizeni ndithu, chifukwa mayunivesite a ku Britain amalondoloza ngati ophunzira akunja akupezeka m'makalasi, ndipo kujomba kukhoza kuika viza yake pachiswe.

Mumuuzenso kuti pomwe alipo pali zambiri zosafuna ndalama. Ku Old Aberdeen, komwe angafike wapansi kapena pa basi ya mumzinda, kuli King's College ya mu 1495 ndi tchalitchi chakale cha St Machar's. Mumzinda womwewo mudabadwira Robert Laws mu 1851, yemwe adabwera kuno ku Malawi mu 1875 n'kutumikira mishoni ya Livingstonia zaka zoposa 50. Kumwera pang'ono, pa mphindi pafupifupi 20 pa sitima, kuli Stonehaven, ndipo kuchoka pamenepo munthu amayenda m'mbali mwa nyanja kukafika ku bwinja la Dunnottar, linga la pa thanthwe lozingidwa ndi madzi mbali zitatu momwe Askotishi adabisa chisoti ndi lupanga laufumu pothawitsa asilikali a Oliver Cromwell wa ku England m'zaka za 1651 ndi 1652. Umenewo ndi ulendo wa tsiku limodzi, wobwerako n'kukagona kwake, ndipo akhoza kuulipira yekha atadzimana pang'ono.

FUNSO: Ndili ndi viza ya sukulu ya ku Britain ndipo ndimaphunzira ku Edinburgh. Anzanga a m'kalasi akupita ku Bruges ndi Ghent kumapeto a sabata yamawa. Kodi ndingapite nawo ndi pasipoti yanga ya Malawi?
Mnyamata wa ku Nkhotakota, ku Edinburgh

YANKHO: Ayi, achimwene, sabata yamawa simungapite. Viza yanu imakulolani kuyenda mu England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, koma Bruges ndi Ghent ili ku Belgium, m'chigawo cha Schengen chomwe Britain mulibe, ndipo mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza ina. Kuipeza kumatenga masabata, ndipo amafuna kalata ya ku yunivesite, umboni wa ndalama za ku banki, inshuwalansi ya paulendo ndi umboni wa komwe mukagone. Anzanuwo mwina ali ndi mapasipoti osafuna zonsezi, n'chifukwa chake akukonza ulendo ngati wopita kumsika. Musagule tikiti ya ndege yosabweza ndalama viza isanatuluke. Ngati mtima uli pa mizinda yakale kumapeto a sabata imeneyo, kwerani sitima ya kumwera pa Waverley: pasanathe maola awiri muli ku Durham, komwe tchalitchi chachikulu chomwe chidayamba kumangidwa mu 1093 chili pa chitunda chozunguliridwa ndi mtsinje wa Wear, ndipo mukapitirira pang'ono mufika ku York, komwe mukhoza kuyenda pamwamba pa khoma la mzinda osalipira kanthu. Ndalama zamapepala zosindikizidwa ndi mabanki a ku Scotland mashopu ena a ku England amazikana, choncho mukalipire ndi khadi.